Chifukwa chake Sandton amayaka pomwe Alex ali mu mdima: nkhani ya mabizinesi ounjikana malo amodzi mu Joni

Aliyense amene wakhalako mu Joni muno akudziwa kuti mzindawu siwofanana ayi. Pali malo oti magetsi akazima iwe sudziwa nkomwe, maroboti akugwirabe ntchito, msewu ulibe dzenje, koma ukangowoloka M1 kuchoka ku Sandton kulowa ku Alex wapeza mdima, suweji ikuyenda mbali mwa msewu, thiransifoma inapsa kalekale. Ambirife timangoti aah kumeneko nkwa anthu a ndalama, nkusiyira pomwepo. Ndalama zilipodi, koma yankho limenelo ndi lalifupi kwambiri abale anga, chifukwa olemera aliponso malo ambiri koma si konse komwe nzeru zatsopano za magetsi, madzi, mayendedwe ndi zinyalala zimabadwira. Zimabadwira pomwe mabizinesi a mtundu umodzi aunjikana malo amodzi, zomwe azachuma amazitchula kuti cluster. Nde ndikufuna ndifotokoze momwe zimenezi zimayendera, pomwe zikuthandiza mzinda, ndi pomwe zikulephera, poti enafe tikugwira ntchito mkati mwake momwemo osadziwa.

Ganizirani anthu okhoma zitini ndi owotcherera zitsulo ku Ndirande. Munthu angafunse kuti bwanji onsewa akukhala malo amodzi pomwe akulimbirana kasitomala yemweyo? Koma kasitomala wofuna mbaula kapena chitseko cha chitsulo amapita komweko chifukwa akudziwa kuti sabwerako chimanjamanja, wogulitsa malata ndi ndodo zowotcherera naye amatsegula shopu pafupi, mnyamata wofuna kuphunzira ntchito amapita komweko, ndipo mmodzi akatulukira kapangidwe katsopano ka mbaula yosadya makala ambiri sipatha mwezi mzere onse ukupanga zomwezo, wina nkuwonjezapo kake. Mzungu wina wa zachuma dzina lake Alfred Marshall anaziona zimenezi ku mafakitale a ku England cha m'ma 1890, kenako Michael Porter wa ku Harvard anazitchukitsa mu 1990. Mfundo yake ndi yoti antchito aluso amapezeka pafupi, ogulitsa zipangizo amapezeka pafupi, ndipo nzeru sizibisika, zimadontha kuchoka pa kampani iyi kupita pa ina kudzera mwa anthu osintha ntchito, ocheza pa lanchi, ogula pa shopu imodzi. Ndiye pamwamba pake pali mpikisano, sungagone tulo neba wako akukuposa iwe ukuona ndi maso.

Joni yemweyu anabadwa choncho. Golide anapezeka mu 1886 ku Langlaagte, malo opanda mtsinje waukulu, opanda nyanja, pamtunda wa mamita pafupifupi 1 750, malo oti palibe munthu wanzeru akanasankha kumangapo mzinda. Koma migodi inakoka ma injiniya, mabanki, mafakitale opanga mapampu ndi zitsulo, ndipo inakoka agogo athu omwe ankabwera pa Wenela mpaka Kamuzu anayimitsa mu 1974 ndege yonyamula anthu ogwira ntchito ku migodi itagwa ku Francistown. Migodi yambiri ya mkati mwa mzinda inatsekedwa koma luso lija silinachoke, mafakitale a ku Germiston, Wadeville, Isando, Boksburg ndi zidzukulu za migodi imeneyo. Ndalama nazo zinasamuka, makampani akuluakulu anathawa m'tauni kupita kumpoto ndipo msika wa masheya wa JSE unasamukira ku Sandton mu 2000. Lero Gauteng ndi chigawo chaching'ono kuposa zonse mu South Africa koma muli anthu oposa 15 miliyoni ndipo chimapanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma cha dziko lonse. Anthu ambiri, ndalama zambiri, mavuto ambiri, zonse pa kamalo kochepa.

Tiyambe ndi magetsi chifukwa ndi pomwe nkhaniyi ikuoneka bwino kwambiri. Load shedding inayamba kumapeto kwa 2007, mu January 2008 mpaka migodi inayima masiku angapo, ndipo 2023 ndiye chinali chaka choipitsitsa, masiku oposa 300 magetsi akuzimazima, Stage 6 itasanduka chinthu cha tsiku ndi tsiku. Poyamba makampani anathamangira majenereta, koma dizilo ndi odula ndipo mall yaikulu kuyiyendetsa pa dizilo maola 8 kapena 10 pa tsiku ndi kuwotcha ndalama basi. Sola inalipo koma lamulo linkamanga manja, ukafuna kupanga magetsi oposa 1 MW umayenera kukhala ndi laisensi ndipo kuyipeza inali ntchito ya zaka. Makampani a migodi ndi mabungwe a mabizinesi, omwe malikulu awo ali mu Joni momwemuno, anakankha boma mpaka mu 2021 malire aja anakwera kufika 100 MW, kenako mu 2023 anachotsedweratu. Apa ndi pomwe muyenera kuona mphamvu ya kuunjikana, kampani imodzi siikanasintha lamulo, koma onse akamalankhula chinthu chimodzi, ali ndi maloya awo ndi mabanki awo mu msewu omwewo, boma limamva.

Lamulo litangomasuka zinthu zinathamanga. Mgodi wa South Deep wa Gold Fields kufupi ndi Westonaria unamanga sola ya 50 MW. Madenga a ma mall ngati Mall of Africa ku Waterfall ndi ma warehouse a ku Midrand ndi Kempton Park anadzaza mapanelo. Boma linaperekanso chilimbikitso mu 2023, munthu wamba amabwezeredwa 25% ya mtengo wa mapanelo mpaka R15 000, mabizinesi amachotsera msonkho wochuluka. Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho Eskom yomwe inkayerekeza kuti sola ya pa madenga dziko lonse yafika cha m'ma 5 000 MW, kuposa siteshoni yathunthu ya magetsi a malasha ya Medupi yomwe inatenga zaka zoposa 10 kumanga, ndipo kuposa kutalitali magetsi onse omwe EGENCO imapanga kumudzi. Palibe nduna inadula riboni pa zimenezi, zinangomera denga ndi denga.

Koma kuti denga limodzi likhale ndi sola pamafunika anthu angati? Kontena imachoka ku China nkutsikira ku Durban, nkubwera pa N3 kapena pa sitima mpaka City Deep, katundu nkulowa m'ma warehouse. Wina amagulitsa mapanelo, wina ma inverter (makina osandutsa magetsi a sola kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba) a Sunsynk kapena Deye, wina mabatire a lithium, wina zitsulo zokhomera padenga, wina mawaya okhaokha. Otsika mtengo mukawapeza ku China Mall ndi Dragon City cha ku Crown Mines, ngakhale kumeneko umafunika diso chifukwa zabwino ndi zachinyengo zili shelefu imodzi. Ndiye pali timakampani ting'onoting'ono tokhoma, bwana mmodzi, bakkie imodzi, anyamata atatu kapena anayi, ndipo mukayang'anitsitsa pa bakkie paja nthawi zambiri pali m'Malawi kapena m'Zimbabwe. Ntchito yake ukayiona pafupi ndi yofuna mutu. Mapanelo kuno amayang'ana kumpoto poti ndi komwe dzuwa limadutsira, umasuntha thayilo ya denga nkumanga mbedza pa thabwa la mkati nkubwezera thayilo ija mosaphwanya, ukalakwitsa mvula yoyamba ya October kasitomala akuyimbira kuti siling'i ikudontha. Pa DB, bokosi logawira magetsi m'nyumba, umagawa nyumba pawiri, mafiriji, magetsi owunikira, wifi ndi geti zipite ku batire, koma giza ndi sitovu zitsale ku magetsi a City Power, apo ayi batire yatha pa ola limodzi. Mnyamata amene anayamba ndi kunyamula mapanelo pa makwerero, pakatha chaka akudziwa kuwerenga ma volt a mzere wa mapanelo olumikizana, akudziwa kuti inverter iyi imakana batire iyo, ndipo akasamukira kwa bwana wina nzeru ija wapita nayo. Kudontha kwa nzeru ndimanena kuja nkumeneku, sikuchitikira mu boardroom mokha, kukuchitikira padenga dzuwa likuswa mtengo.

Makampani akuluakulu aja anapitanso patsogolo ndi chomwe amati wheeling. Kampani ya ku Sandton ilibe malo okwanira padenga, nde imagwirizana ndi wina amene wamanga munda wa sola kapena wa mphepo kutali ku Northern Cape kapena Eastern Cape, iye amathira magetsi mu mawaya a Eskom kumeneko, kampani ija imatapa kuno, nkulipira Eskom kapena khonsolo ndalama yodutsira pa waya. Magetsi enieniwo sayenda ulendo onsewo ayi, ndi nkhani ya ma mita ndi ma akaunti, uyu wathira zakuti uyu watapa zakuti. Vodacom ya ku Midrand inasainirana ndi Eskom mu 2023 njira yoti zimenezi zitheke ngakhale kwa kampani yomwe ili ndi timalo tambirimbiri tomwazikana ngati nsanja za netiweki. Zoterezi zimafuna banki yobwereketsa ndalama zaka 15 kapena 20, loya wodziwa kulemba kontrakiti yake, injiniya, wa inshuwalansi, ndipo onsewa mu Sandton ndi Rosebank amayenderana wapansi.

Pa ndalama pomwepo, mu 2014 khonsolo ya Johannesburg inagulitsa green bond ya R1.46 biliyoni pa JSE, yoyamba ya mtundu umenewo pa msikawo. Bond ndi ngongole basi, mzinda umabwereka kwa osunga ndalama za penshoni ndi mabanki, koma iyi inali ndi lonjezo loti ndalamazo zipita ku zinthu zosaononga chilengedwe. Nyumba zamaofesi nazo zinalowa mpikisano, bungwe la Green Building Council South Africa linayamba mu 2007 ndipo nyumba yoyamba kulandira nyenyezi za Green Star inali ya Nedbank ku Sandton mu 2009. Kuchokera pamenepo kampani iliyonse yomanga likulu inkafuna nyenyezi zoposa za mnzake, kukolola madzi a mvula, kugwiritsanso ntchito madzi osambira ku matoileti, magalasi osalowetsa kutentha. Ine sindikhulupirira kuti onsewa anachita chifukwa chokonda chilengedwe, ambiri anawerengera bilu ya magetsi ndi ulemu pamaso pa anzawo, koma zotsatira zake nzoti pano pali ma pulambala, ma injiniya ndi omanga ambiri odziwa ntchito imeneyi yomwe kale kunalibe.

Ku Braamfontein kuli mtundu wina wa cluster. Yunivesite ya Wits inatsegula Tshimologong pa Juta Street mu 2016, malo oti achinyamata a makompyuta azikumanirana ndi makampani, ndipo IBM inaika labu yake ya kafukufuku pomwepo. Ku Pretoria kuli CSIR, bungwe la boma la kafukufuku wa sayansi, ndi Innovation Hub. Amenewa ndi omwe amapanga mapulogalamu owerenga ma mita, oona pomwe paipi ikutaya madzi, olosera kuti mawa sola ipanga zingati. Zambiri zimathera pa chionetsero osafika pa msewu, koma zochepa zomwe zimafikazo zimafika chifukwa wogula ali pa mtunda wa mphindi 15 pa Gautrain.

Gautrain imeneyo ndi chitsanzo choti msewu kapena njanji nayo imapanga cluster, si cluster yokha yopanga njanji. Inayamba mu June 2010 pakati pa Sandton ndi OR Tambo, ili ndi makilomita 80 ndi masiteshoni 10. Onani Rosebank momwe yasinthira kuchokera nthawi imeneyo, nyumba zitalizitali kuzungulira siteshoni, Standard Bank inamanga kumeneko, Anglo American inachoka pa Main Street m'tauni nkupita komweko. Anthu akamakhala ndi kugwira ntchito pafupi ndi siteshoni magalimoto amachepa, paipi imodzi imatumikira anthu ambiri, ndipo zimenezi ndi zomwe akatswiri amafuna akamati mzinda ukhale wokhalitsa. Koma tinene zoona, ndi angati mwa ife amakwera Gautrain kupita ku ntchito? Mtengo wake si wa munthu wa m'garden kapena wa m'khitchini. Ambiri tili pa taxi, ndipo Rea Vaya yomwe inayamba mu August 2009 kuchokera ku Soweto ndi yomwe inali yoganizira munthu wamba. Chomwe chinandisangalatsa pa Rea Vaya nchoti eni ma taxi a mu njira imeneyo sanangothamangitsidwa, anapereka ma taxi awo nkukhala eni masheya a kampani yoyendetsa mabasi. Koma njira ya pa Louis Botha yopita ku Alex ndi Sandton inachedwa zaka zambirimbiri, masiteshoni atamangidwa kale akungokhala, pomwe anthu masauzande amawoloka wapansi m'mawa uliwonse kuchoka ku Alex kukakolopa maofesi a nyenyezi aja.

Pali kanthu kena komwe ambiri sitikadziwa. Anthu ovala yunifolomu omwe mumawaona akusesa ndi kulondera mu Sandton, Rosebank kapena Braamfontein ambiri si a khonsolo. Eni nyumba a dera limenelo amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi pamwamba pa msonkho wa khonsolo, nkulemba okha osesa, alonda ndi okonza zoonongeka, amati improvement district, ndipo zinayambira m'tauni m'ma 1990. Ndi maganizo omwewo omwe anabala ma pointsman a OUTsurance oimirira pa mphambano, Pothole Patrol yomwe Discovery Insure ndi Dialdirect anayambitsa mu 2021 mogwirizana ndi a misewu a JRA, komanso zoti makampani ngati Investec ku Sandton ndi Vodacom ku Midrand amalumikiza maroboti a pafupi ndi ofesi yawo ku magetsi a nyumba yawo kuti asazime. Wa inshuwalansi anawerengera kuti kutseka dzenje nkotchipa kusiyana ndi kulipira matayala ndi marimu a makasitomala mazana. Nzeru yabwino ndithu, ndipo tonse timadutsa pa msewu omwewo. Koma funso langa ndi loti dzenje la ku Diepsloot kapena Ivory Park, komwe magalimoto ambiri alibe inshuwalansi, atseka ndani?

Tsopano cluster yomwe ine ndimayiona kuti ndi yofunika kwambiri koma siyitchulidwa pa misonkhano ya m'mahotela ndi ya zinyalala. Mukadzuka 4 koloko tsiku lotulutsa ma bin mudzawaona, bambo atavala chipewa chophimba nkhope yonse chifukwa cha kuzizira, akukoka trolley ya matayala ang'onoang'ono, pamwamba thumba lalikulu loyera lija lotalika kuposa iye mwini, potsetsereka amakwera kumbuyo nkumaliza nsapato pochita buleki. Amatsegula bin asanafike a Pikitup, ndipo manja ake amadziwa zomwe ambirife sitidziwa, botolo loyera la Coke payokha, lobiriwira payokha poti mtengo ndi wosiyana, chigubu cha mkaka ndi pulasitiki ina, pepala loyera la mu ofesi limadula kuposa katoni, chitini cha aluminiyamu ndiye golide wake. Akasankha amakagulitsa pa sikelo ku buy-back, kumeneko amazipsinja kukhala mabelo, mabelo amapita ku mafakitale a ku East Rand ngati Extrupet ku Wadeville komwe botolo lakale limasanduka zipangizo zopangira botolo latsopano, mapepala amapita kwa a Mpact ndi ena. Fakitale ya mamiliyoni ikudalira munthu wa trolley uja. CSIR inapeza mu 2016 kuti anthu amenewa, omwe dziko lonse alipo pakati pa 60 000 ndi 90 000, ndi omwe amatolera 80 mpaka 90% ya mapepala ndi zopakira zomwe zimabwezeredwa ku fakitale kuchokera m'makomo, ndipo amapulumutsira makhonsolo ndalama zofika R750 miliyoni pa chaka pa malo a ku mtaya. Izi nzofunika chifukwa mitaya ya mzindawu, Robinson Deep, Marie Louise, Goudkoppies ndi Ennerdale, yatsala pang'ono kudzadza. Ku Robinson Deep amakoka mpweya wotuluka mu zinyalala zowola nkupangira magetsi, zabwino, koma chochepetsa phiri lenilenilo ndi trolley ija. Anthuwa anapanga bungwe lawo la African Reclaimers Organisation, ndipo malamulo a 2021 okakamiza opanga katundu kusamala zinyalala zawo amati otolerawa azilipidwa pa ntchito yawo. Kuti ndalamayo ifike m'thumba munthu amayenera kulembetsa, ndipo ambiri mwa iwo ndi obwera, a ku Lesotho ndi maiko ena, nde mukudziwa kale nkhani ya mapepala momwe imavutira. Zimandiwawa ndikamaona munthu wa galimoto akuwatukwana pa msewu.

Madzi ndi pomwe nzeru ya aliyense adzikonzere pake imafika pa khoma. Madzi a mu Joni amachokera ku Vaal, ndipo Vaal imathandizidwa ndi madamu a ku Lesotho ngati Katse kudzera mu pangano la 1986, pano akumanga lina la Polihali lomwe linachedwa zaka zambiri. Rand Water, yomwe ilipo kuyambira 1903, imatsuka madziwo cha ku Vereeniging nkuwapopa kukwera phiri makilomita ambiri mpaka afike kuno. Ndiye kuti madzi athu ndi magetsi, pampu ikazima mpopi wauma, ngati momwe zinachitikira mu March 2024 pomwe siteshoni yopopera ya Eikenhof inazima madera ambiri nkukhala masiku opanda dontho. Madziwo akafika mu mzinda, oposa 40% sabweretsa ndalama, ena amatayika mu mapaipi okalamba, ena amalumikizidwa mwakuba, ena salipiridwa. Makampani ndi ma complex ayankha ndi ma JoJo tank, mapampu ndi kukumba mijigo, ndipo bizinesi yokumba mijigo yakula kwambiri. Koma mjigo wa mu complex sukonza paipi ya mu msewu. Ndipo pansi pa Joni pali nkhani yake, migodi yakale inadzadza madzi a asidi omwe boma limachita kuwapopa nkuwatsuka ku Germiston kuti asasefukire, kum'mwera ndi kumadzulo kulinso miyala ya dolomite yomwe ukapopa madzi ambiri nthaka imatha kutitimira. Aliyense akamakumba pake popanda wowerengera, tikudya chinthu chomwe sitikudziwa kuti chatsala chochuluka bwanji.

Ndipo pali choopsa china chobisika chomwe ndikufuna muchimvetse bwino, chifukwa chikukhudza thumba la aliyense wokhala mu room ya lendi. Khonsolo imagula magetsi kwa Eskom ndi madzi kwa Rand Water nkugulitsa ndi phindu, ndipo phindu limenelo, makamaka lochokera kwa ogwiritsa ntchito zambiri, ndi lomwe limakonzera ma substation, kusintha mapaipi ndi kuthandizira osauka. Tsopano mall, fakitale ndi nyumba ya ku Bryanston zikapita pa sola ndi mjigo, zimagula zochepa, koma waya ndi paipi zikufunikabe kukonzedwa ndipo iwo omwe amazifunabe kukachita mitambo sabata yathunthu. Ndalama zikachepa khonsolo imakweza mtengo kwa otsala, mtengo ukakwera enanso omwe angakwanitse amathawa, otsala ndi omwe sangagule panelo olo imodzi. Ija R200 ya pamwezi yomwe City Power inayika pa ma prepaid mu July 2024, anthu nkudandaula kwambiri, gwero lake lina ndi limeneli. Nde sola ija ndi yabwino, ikuchepetsa utsi wa malasha a ku Mpumalanga ndipo inathandiza kuti load shedding ichepe mu 2024, koma ngati njira yolipirira waya wa tonse siikonzedwa mwachilungamo, wosauka ndi amene azilipirira ufulu wa wolemera.

M'tauni ndiye umboni wake ndi owawa. Ntchito yokonzanso dera la Maboneng inayamba cha m'ma 2009 ndi Arts on Main, misewu ingapo inawala, kenako Jewel City, koma ukayenda mphindi zochepa wapeza nyumba zolandidwa zopanda madzi ndi magetsi. Mu July 2023 msewu wa Bree, womwe pano ndi Lilian Ngoyi, unaphulika chifukwa cha gasi wa pansi ma taxi nkugubuduzika, ndipo pa 31 August chaka chomwecho nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa nkupha anthu 76, pakati pawo panali abale athu a ku Malawi. Palibe improvement district yomwe ikanaletsa zimenezo, chifukwa ngalande za pansi pa msewu, ozimitsa moto ndi nyumba zotchipa za anthu ndi ntchito ya boma, ndipo bizinesi siyingalowe m'malo mwake olo itakhala ndi mtima wabwino bwanji.

Komabe pali malo omwe akuyesa njira ina ndipo ndimawatsatira ndi chidwi. Ku Lorentzville ndi Bertrams, kufupi ndi Ellis Park komwe mtsinje wa Jukskei umayambira, kuli Victoria Yards, fakitale yakale yomwe anayisandutsa malo a akalipentala, osoka, osula ndi ojambula, pakati pake adzala ndiwo zamasamba ndi mitengo ya zipatso, ndipo likulu la Nando's lili pafupi pomwepo. Bungwe la Water for the Future likugwira ntchito yotsuka mtsinjewo kuyambira ku gwero, kuchotsa zomera zachilendo ndi zinyalala, polemba ntchito anthu a m'dera lomwelo. Jukskei yemweyo ndi amene amadutsa mu Alex nkumakokolola zisakasa nthawi ya mvula, nkupitirira ku Waterfall mpaka kukathira mu mtsinje wa Crocodile womwe umalowa m'damu la Hartbeespoort, nde chomwe chatayidwa ku Bertrams wa ku estate ya mpanda wautali chimamupezabe. Intaneti ya fibre inayendanso njira yofananako, Vumatel inayambira ku Parkhurst mu 2014 anthu a m'deralo atagwirizana, mitengo itatsika ndi luso litachuluka inadzafika mpaka ku Alex ndi phukusi lotchipa lolipira pang'onopang'ono. Apa ndi pomwe ndimaona kuti chinthu choyambira kwa olemera chingathe kuwoloka M1, bola wina akhale pansi nkuganiza za munthu amene amalandira pa sabata, alibe akaunti ya ngongole, ndipo denga si lake ndi la landilodi.

Kwa ife a Malawi tili kuno, ine ndimati titsegule maso pa malo omwe tayima. Ambiri tili mkati mwa ma cluster amenewa kale, pa bakkie ya sola, pa gulu lokumba ngalande za fibre, kwa pulambala woyika matanki, mu garden momwe bwana akufuna zomera zosamwa madzi ambiri ndi drip. Kusiyana kwa amene akhalabe wonyamula ndi amene adzakhale ndi bakkie yake ndi pepala la luso. Ntchito ya magetsi siyitha popanda CoC, pepala lotsimikiza kuti mawaya aikidwa motsatira malamulo, ndipo CoC amasaina ndi munthu wolembetsedwa yekha, ena onse amagwira ntchito pansi pa dzina lake ndipo ndalama yaikulu imapita kwa iye. Pali maphunziro a PV GreenCard a bungwe la SAPVIA a okhoma sola, pali trade test, ndipo amene ali ndi satifiketi ya TEVETA kapena ya ku technical college kumudzi angathe kuyipititsa ku SAQA, bungwe loona za masatifiketi kuno, kuti ayiyeze. Ndikudziwa kuti popanda pemiti zitseko zambiri zimatsekeka, sindikunama kuti nzophweka. Koma luso lokha silifuna pemiti kuti likhale m'mutu, funsani mafunso padengapo, jambulani DB musanatseke, phunzirani chifukwa chake waya uyu ndi wonenepa kuposa uyo. Kumudzi sola ya ku Salima ya 60 MW ndi ya ku Golomoti ya 20 MW yokhala ndi mabatire zinayamba kale kugwira ntchito, zipatala, masukulu, ma lodge ndi ma scheme a mthirira akufuna mapampu a sola, ndipo zambiri zomwe zinayikidwa ndi ma project zimangokhala zitafa chifukwa wodziwa kukonza inverter ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre kokha, mlimi wa ku Nsanje kapena Karonga kuti amuyitane ndalama ya thiransipoti yokha ikuposa mtengo wa chomwe chaonongeka.